Amayi Anamata Injini Ngati Bwato

Kwathu ndi kufupi ndi Chipoka, kumunsi kwa njanji, kumene mchenga umawotcha mapazi dzuwa likangokwera ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli thandala loyanikapo usipa. Kumeneko ndi kwawo kwa amayi. Abambo anali a ku Chitala, kumtunda, kwa anthu a khasu, ndipo kwathu anabwera kudzakhala chikamwini. Ndikamakumbukira ubwana wanga, fungo loyamba kundifikira si la nsomba ayi, ngakhale tinkagona nalo n'kudzuka nalo. Limayamba kubwera ndi fungo la oyilo wopserera wa galimoto ya abambo.

Pakati pa asodzi abambo ankasowa chogwira. Kupalasa bwato sankatha, ndipo kusambira kwawo kunali kwa mwala. Akuti atangokwatira anayesapo kutsatira azilamu awo kukaponya ukonde wa chilimira, koma anabwerako atagona chagada m'bwato, atasanza mpaka ndulu. Nkhani imeneyi sinkakalamba. Malume anga a Yohane, mchimwene wawo wa amayi amenenso anali mwini mbumba, ankaifotokoza paukwati ndi pamaliro pomwe, chaka chilichonse mafunde ake akukulirakulira. Akamaliza ankamenya abambo paphewa n'kunena kuti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Anthu ankaseka, abambonso ankaseka nawo, koma ine sindinkaseka. Ndinali nditaona kale abambo a anzanga akupinda mphasa m'mawa wina n'kubwerera kwawo osadzaonekanso, ana n'kutsala ndi amayi awo. Mantha anga aakulu ndili mwana sanali a ng'ona kapena afiti. Ndinkaopa kuti tsiku lina abambo adzanyamula chikwama.

Chimene chinkawapatsa dzina pamudzi chinali galimoto. Inali pikapu yakalekale ya dizilo imene anaigula atagwira ntchito yoyendetsa thirakitala ku esiteti ya fodya. Penti wake akuti anali woyera, koma ine ndinaipeza ili ndi mtundu wa phulusa. Chitseko cha kumanzere chinkamangidwa ndi mphira ya chubu, ndipo kuti ilire pankafunika anyamata oikankha. Komabe m'mawa uliwonse inkanyamula amayi ogulitsa nsomba zaziwisi ndi madengu awo kupita kumsika wa pa boma ku Salima, n'kuwabweza masana. Asodzi ankagwira nsomba, koma wozifikitsa kwa odya anali abambo. Akakhala pachiwongolero, chipewa atachipendeketsa, sanalinso mkamwini wosanza uja. Amayi anga nawonso ankagulitsa utaka ndi chambo, ndipo ankakhala kumbuyo limodzi ndi anzawo, osati kutsogolo, poopa kuti anzawowo angawanene kuti akudzimva.

Galimotoyi inali ndi nthenda yake. Pamwamba pa injini panachokera kapaipi kakuda ka mphira, kamene abambo ankakatchula kuti paipi yopumira. Poyamba kankabwerera kumene injini imakokera mpweya, koma injini itakalamba kanayamba kulavulira oyilo komweko n'kumaitsamwitsa, ndiye abambo anakazula n'kukasiya kakulendewera pansi. Kuyambira pamenepo kankafuka utsi wotuwa ngati munthu wosuta chingambwe, kakudontha oyilo paliponse pamene galimoto yaima. Pabwalo pathu panali chibanga chakuda chimene amayi ankachikwirira ndi mchenga m'mawa, madzulo n'kuchipeza chabwerera. Zikanathera pabwalo bwenzi zili bwino. Koma thandala la kumbuyo kwa galimoto linali lobookabooka ndi dzimbiri, ndipo utsi uja unkakwera m'mabowomo n'kulowa m'madengu. Udzu wonyowa umene ankavundikira nsomba unkaumwa wonse. Ku Salima ogula anayamba kununkhiza chambo n'kuchibweza, ena n'kumafunsa ngati masiku ano nsomba zikugwidwa kugalaja.

Nthawi yomweyo a Sumaili, bambo wina wamalonda wa pa Chipoka, anagula pikapu yooneka bwino, yolira ndi kiyi. Sanalande munthu aliyense, anali munthu waulemu kwambiri, koma amayi a madengu anali ndi mphuno. Anayamba kusamuka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake chonamizira. Otsalawo anawauza amayi anga padoko, ine ndili pomwepo, kuti akungopirira chifukwa cha iwo, koma nsomba zikapitiriza kununkha nawonso apita. Amayi anakawauza abambo. Abambo anangoti, "Ndamva, amake Elube, ndiona," kenaka n'kutenga wailesi yawo. Elube ndi dzina langa. Anali munthu wosakonda kufotokoza zinthu, ndipo "ndiona" wawo ankatha kukhala chaka.

Amayi sanali munthu wodikira. Anali mwana wa mmisiri wosema mabwato, ndipo anakula akuthandiza agogo kumata ming'alu: kung'amba nsanza, kuzikanikiza ndi kamtengo, pamwamba n'kuthira phula wotentha. Kwa iwo chinthu chilichonse chodontha mankhwala ake anali amodzi. Ndowa yathu inali yomata ndi phula, beseni yomata ndi phula, malata a denga chimodzimodzi. Ndikukhulupirira kuti mwana akanakhala ndi chimfine nthawi yaitali akanamumatanso mphuno.

Lamlungu lina masana, abambo atapita ku bawo, ndinaona amayi akusungunula phula m'chigoba pambaula. Anatulutsa chitenje chawo chakale chobiriwira cha maluwa achikasu, chimene mudzi wonse unkachidziwa chifukwa anachivala mpaka chinayamba kuonetsa dzuwa, n'kung'ambako kansalu. Anayala chiguduli, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Ine ndinkasenda chinangwa pakhonde, ndikungoona mapazi awo akutakataka. Anatuluka tsaya lili bii, akumwetulira ngati munthu amene wapha njoka yomwe amuna akhala akuilephera. Anandiuza kuti ndisanene kanthu, abambo adzangoona okha kuti kudontha kwatha. Kunena zoona ndinawanyadira kwambiri. Ndinkaona kuti amayi apulumutsa galimoto, ndipo galimoto ikakhalapo abambo sangapite kulikonse.

M'mawa mwake ndinakwera nawo, poti tinali titatsekera sukulu ndipo ndinkafunika nsapato. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa. Anyamata anakankha, injini inalira, ndipo kwa nthawi yoyamba kunsi sikunatuluke utsi. Tinadutsa njanji n'kulowa mumsewu wa tala. Amayi a madengu ananunkhiza uku ndi uku, n'kuyamba kuyamikira kuti abambo a Elube afika pomva. Mmodzi mpaka anayambitsa nyimbo ya kwaya. Amayi anga anandiponda chala mwakachetechete, nkhope atayang'ana kumbali kuti asaseke. Ndinkawaona abambo pagalasi la kumbuyo akusuzumirasuzumira, akudabwa kuti utsi wawo wapita kuti.

Titangodutsa Lifidzi panamveka kuti phu! Utsi woyera unabuka kuboneti n'kuphimba galasi lonse. Abambo anakhotetsera kumbali n'kuzimitsa injini msangamsanga. Kumbuyo kunali chipwirikiti. "Moto! Moto!" Amayi akuluakulu amene pokwera ankafunika kuwakoka dzanja anadumpha ngati atsikana, wina dengu lili kumutu, wina patapata mmodzi m'manja. Moto panalibe. Abambo atatsegula boneti tinaona ndodo yoyezera oyilo itafwamphuka m'malo mwake, oyilo atawazikira paliponse n'kumapsa pa zitsulo zotentha. Kunsi, kutsogolo kwa injini, wina ankachucha ngati pampopi n'kumayenderera patala.

Abambo anayang'ana injiniyo nthawi yaitali. Kenaka anagona pansi, n'kugwira kapaipi kaja. Ndinawaona akukolokosa ndi sikuludiraiva mpaka anasolola chinthu chakuda, cholimba. Anachifutukula ndi zala. Ngakhale chinali ndi phula, maluwa achikasu ankaoneka. Anachiyang'ana, sanatembenuke kuyang'ana amayi, anangochilowetsa m'thumba la buluku.

Apo n'kuti pikapu ya a Sumaili ikuima kumbuyo kwathu, ndipo kutsogolo kwake, mwa tsoka lathu, kunali malume a Yohane, amene ankapita kukagula ulusi wosokera ukonde. Anatsika akupukusa mutu, mawu ali pamwamba kuti aliyense amve.

"Alamu, kodi mukufuna kutiphera azilongo athu? Chigoba ichi tinakuuzani kalekale kuti chatha. Panyanja munalephera, pamsewunso mwalephera. Nanga kwathu kuno mukudzatani? Kwanu minda ilipo, khasu silifuna oyilo."

Anthu ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Abambo akanangopisa dzanja m'thumba nkhani ikanatembenuka pomwepo. Koma anapukuta manja pansanza n'kunena motsitsa kuti, "Yakalamba basi, alamu. Cholakwa ndi changa." Ndinadziwa kuti mawu a malume alowa.

"Achimwene, musawanyoze amuna anga." Anali amayi. Anaima pakati pa msewu, manja ali m'chiuno. "Galimotoyi ndaiwononga ndine. Ndinamata paipi ndi phula dzulo iwo kulibe. Nsanza yake ili m'thumba mwawomo, akundibisira manyazi. Tulutsani, abambo a Elube, anthu aone."

Abambo sanatulutse. Kenaka mayi wina anafunsa kuti, "Mwati munamata injini ngati bwato?" ndipo chiseko chinaphulika, chija chogwira m'mimba. Amayi anaima pomwepo osaphethira, misozi ikulengeza, akulandira chiseko chimene chinali cha amuna awo. Malume anabwerera kukakhala m'galimoto ya a Sumaili.

Dzuwa linali litakwera ndipo nsomba sizidikira. A Sumaili anathandiza kusamutsa madengu, n'kulonjeza kuti pobwerera adzatikoka. Anawauza amayi anga kuti malo alipo, akwere. Amayi anapereka dengu lawo kwa mnzawo kuti akawagulitsire pamtengo uliwonse, iwo n'kukana kukwera. Tinatsala atatu pansi pa mtengo wa mlambe wopanda ndi tsamba lomwe, tikusuntha kutsatira kamthunzi ka thunthu. Za nsapato zanga palibe anazikumbuka, ngakhale ine ndemwe.

Pamenepo ndi pamene ndinamva abambo akufotokoza chinthu mpaka kumapeto, mwina koyamba m'moyo wawo. Anatola kamtengo n'kujambula pansi. Anati injini ikamayaka, utsi wina umazemba n'kutsikira kunsi kumene kumakhala oyilo, ndipo ikakalamba wozembayo amachuluka. Utsiwo uyenera kupeza potulukira. Ukautsekera umadzazana m'katimo mpaka umadzipangira khomo pamalo pofooka, ndipo lero wang'amba silo, kamphira kotchinga oyilo kutsogolo kwa injini.

"Bwato timaumata kuti madzi asalowe, amake Elube. Iyi imafuna kuti utsi utuluke."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Simunandifunse."

"Inunso ndinakuuzani za nsomba, munati muona. Munaona chiyani?"

Abambo anafufuta chojambula chija ndi phazi. Masana a Sumaili anatimanga chingwe, ndipo tinalowa m'mudzi tikukokedwa, ana akuthamangira kumbuyo akukuwa, akuluakulu ataima m'makonde. Ndinabisa nkhope m'chitenje cha amayi.

Kutacha abambo anatsitsa chikwama chawo pamtanda wa denga, n'kuikamo malaya awiri ndi bulangeti. Anati akupita pa boma kukafuna silo. Ine ndinkadziwa kuti munthu wokagula kamphira sanyamula bulangeti. Ndinawaperekeza mpaka panjanji. Anandisisita kumutu n'kundiuza kuti ndizimvera amayi.

Tsiku limenelo sanabwere, mawa lakenso ayi. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Padoko azimayi ankatsitsa mawu ndikamadutsa. Wina anati anawaona abambo ku Chitala akuyendera munda ndi mlongo wawo. Nkhuku zinayamba kuikira mazira kunsi kwa galimoto. Amayi sanakwere ya a Sumaili ngakhale kamodzi. Nsomba zawo anayamba kuziwamba n'kumagulitsa pasiteshoni motchipa, ndipo m'mawa uliwonse ankapukuta galasi la galimoto yakufayo ngati pali amene ayendetse. Sankalira ine ndikuona, koma mchere ankauthira kawiri m'ndiwo. Chodabwitsa, malume anasiya nthabwala zawo. Ankabwera ndi kampango, kumuika pakhonde, n'kubwerera osakhala pansi. Ine ndinkapita kukakhala pamsewu masana onse, ndikuyang'ana aliyense wotsika minibasi. Ndinkawasowa abambo mpaka thupi kuwawa, ndipo ndinkawakwiyira onse: amayi chifukwa cha phula, malume chifukwa cha pakamwa, abambo chifukwa cha bulangeti.

Anabwera tsiku limene mvula yoyamba inagwa, dothi likununkhira. Sindinali kumsewu n'komwe, ndinkatchera madzi pandowa. Ndinangoona munthu akulowa pabwalo atanyoweratu, thumba la mtedza kumutu, paipi yatsopano atakoleka m'khosi ngati mkanda. Ndinataya ndowa n'kuwakumbatira miyendo ndikulira mokweza. Amayi anatuluka, anaima pakhomo, n'kunena kuti, "Mwabwera? Lowani, munyowetsa mtedza." Koma anathamangira kukawalandira thumbalo.

Kukonza kunatenga masiku, ndipo ulendo uno abambo sanagwire okha. Ataika silo, anawaitana amayi n'kuwauza zimene makaniko wina wa pa boma anawaonetsa. Pankafunika chitini cha chivundikiro chothina. Amayi analowa m'nyumba, anakhuthulira shuga m'mbale, n'kubwera ndi chitini chawo cha mkaka wa ufa chimene ana sitinkaloledwa ngakhale kuchikhudza. Abambo anaboola mabowo awiri pachivundikiro. Paipi yopumira inalowa pabowo limodzi n'kutsikira m'kati, ina inatuluka pa linalo n'kubwerera kumene injini imakokera mpweya, kuti utsi ukapsere m'katimo. Pankafunikanso chinthu choti utsiwo uzisefekera kuti oyilo azitsalira m'chitini, ndipo amayi anabweretsa sitiliwulu watsopano wokwechera mapoto. Anamangirira chitinicho pambali pa injini ndi waya. Potseka m'mphepete mwa mabowo aja, abambo anawayang'ana amayi n'kunena kuti, "Apa pokha matani." Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, n'kupita kukayatsa mbaula.

Chinagwira ntchito. Utsi kumbuyo unatha, bwalo linayera, chambo chinayambanso kununkhira chambo. Loweruka lililonse ankakhuthula chitinicho, ndipo munkatuluka zinthu zakuda zosakanikirana ndi madzi, zimene tinkapaka nsichi za thandala kuti chiswe chisadye. Amayi a madengu anabwerera ena, ena anakhazikika kwa a Sumaili, ndipo panalibe chidani. Galimoto inayenda zaka zingapo kufikira injini inatheratu. Dzina lakuti "Amake Phula" amayi anakhala nalo mpaka lero, ndipo amavomera.

Masiku ano zonse zinasintha. Nsomba zimayenda mu ayezi, panjinga zamoto, wogula atalamula kale pafoni. Anyamata akakwatira amatenga mkazi n'kupita naye kutauni, chikamwini chikuchepa. Ine ndimakhala ku Lilongwe, ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo makaniko wanga anandionetsapo kachitini konyezimira kochokera kunja, kogwira ntchito yomwe ija, n'kuyamba kundifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana. Ndinamusiya amalize. Magalimoto a lero sanunkha, koma eni akenso sadziwa chimene chili kunsi kwa boneti, ndipo sindinganene kuti ndimalakalaka masiku a kukankha aja. Chimene ndimachisowa ndi anthu ake.

Abambo atakalamba, maso atayamba kuchita khungu, ndinawafunsa ngati ulendo uja ankafunadi kubwerera kwathu kuno. Anavomera kuti ayi. Anati mlongo wawo anali atawapatsa kale munda ku Chitala, ndipo anali atayamba kusosa. Koma akamagwetsa khasu ankangoona amayi ataima pakati pa msewu anthu akuwaseka. "Mlongo wa mwini mbumba kudzipereka kuti asekedwe chifukwa cha mkamwini," anatero. "Ndinaona kuti ndikakhala komweko ndiye kuti anasekedwa pachabe."

Atamwalira, abale awo anabwera ndi lole kuchokera ku Chitala kudzatenga thupi, monga mwa mwambo. Anakambirana ndi abale a amayi m'mawa wonse pansi pa mtengo wa mango. Amayi anangokhala pafupi ndi bokosi dzanja lili pamwamba pake. Amene anaimirira anali malume a Yohane, okalamba, akutsamira ndodo. Anavula chipewa, anagwada pamchenga pamaso pa alendowo movutikira, n'kupempha kuti munthuyu awasiyire, chifukwa ana ake, zidzukulu zake ndi anzake onse ali konkuno. Alendo anayang'anana nthawi yaitali. Masana lole inabwerera ku Chitala yopanda maliro.